Kwa Registrar Ndi kwa Celebrant: Maukwati Awiri a ku England

Ku England ndi Wales kuli mabanja amene amakwatirana kawiri. Koyamba amapita kwa registrar, mlembi wa boma. Kachiwiri amaitana abale ndi abwenzi n'kuima pamaso pa celebrant, munthu wotsogolera mwambo mmene eni ukwati afunira.

Ukwati wa kwa registrar umatsata Marriage Act ya 1949. Mumakapereka kaye chidziwitso ku ofesi, n'kudikira masiku 28 kuti wotsutsa aonekere. Ngati mmodzi wa inu ali pa visa, Home Office ikhoza kutalikitsa nthawiyo mpaka masiku 70. Tsiku lenilenilo pamafunika mboni ziwiri zokha. Nyimbo ya kutchalitchi kapena vesi la m'Baibulo salola, poti ndi mwambo wa boma. Pakapita mphindi zochepa mwasaina kale, mwatuluka.

Kwa celebrant mtima umakhala m'malo. Mwambo ukhoza kuchitikira kuseri kwa nyumba, ankhoswe n'kuima kulangiza ana awo, azakhali n'kuimba nthungululu, pemphero n'kunenedwa m'Chichewa. Kwa Mmalawi amene ali kutali ndi kwawo, izi si zazing'ono, ndipo ine ndimaulemekeza mwambo wotere.

Koma kwa boma umenewu si ukwati, ndipo apa m'pamene anzathu ayenera kusamala. Kumudzi ku Malawi lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wachikhalidwe, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi zaka zosachepera zisanu. Ku England zimenezo kulibe. Mu 2020 Court of Appeal inagamula mlandu wa Akhter ndi Khan, amene anamanga nikah, ukwati wa Chisilamu, mu lesitilanti ku London mu 1998, nabereka ana anayi, koma osalembetsa kuboma. Khoti linati mwambo wawo sunali ukwati pamaso pa lamulo, motero mayiyo analibe ufulu wopempha gawo la chuma ngati mkazi wosudzulidwa. Mwamuna akamwalira osasiya wilo, nkhani yake n'chimodzimodzi: mkazi wosalembetsa salowa m'gulu la olandira chuma chamasiye, pokhapokha akadandaule kukhoti.

Ku Scotland kuli bwinoko, chifukwa kuyambira 2005 ma celebrant a humanist, osatsata chipembedzo, amamanga ukwati wovomerezeka. Mu 2022 Law Commission, bungwe lounika malamulo, inalangiza kuti England ndi Wales nazonso ziziyang'ana kwambiri munthu womangitsa ukwatiyo, osati nyumba imene ukwatiwo wachitikira.