Anthu a Matanga a pa Likoma

Pa msika wa Chisokone mu Kitwe, mzere wa nsomba umayamba kumveka m'mphuno munthu asanauwone. Pali kapenta wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga, chisense cha ku Mweru, nsomba zowamba za ku Bangweulu. Amayi amaitanira malonda m'Chibemba, ena m'Chinyanja, ogula nkumatsitsa mtengo. Ine ndikadutsa pamenepo mtima umathawira kwathu ku Likoma, kwa anthu amene ntchito yawo ndi kuyendetsa ngalawa za matanga. Kuno ku migodi, madzi amene ana amawadziwa ndi Kafue ndi damu la Mindolo, kumene boti ndi chinthu chosangalalira pa Sabata. Kwathu boti ndi khasu, ndi msewu, nthawi zina ndi ambulansi.

Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za dziko la Malawi pa nyanja ya Malawi, koma zili m'madzi a Mozambique. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 14,000 pa zilumba ziwirizi. Nthaka ndi ya miyala ndi mchenga, mitengo yambiri ndi malambe ndi mango, ndipo chinangwa chimene chimalimidwa sichikwanira onse. Nkhuni, nsungwi, udzu wofolerera ndi zakudya zina zimachokera kutsidya, ku Cobue ndi midzi yoyandikana nayo. Sitima ya Ilala, imene inayamba ntchito mu 1951, imafika pa masiku ake okha, ndipo ikapita kukakonzedwa ku Monkey Bay anthu amadikira milungu. Mpata umenewu ndiwo umadyetsa anthu a matanga.

Ngalawa zimenezi zili ndi mbiri yowawa. Kapangidwe kake kanabwera ndi Aswahili a malonda a minyanga ndi akapolo. Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ngalawa zamtunduwu ndizo zinkawolotsa akapolo kupita kutsidya la kum'mawa, ulendo wa ku Kilwa. Malondawo anatha, luso linatsala. Lero thanga lomwelo la makona atatu limanyamula mitolo ya nkhuni, matumba a usipa ndi amayi opita kumaliro a abale awo.

Mu ntchitoyi woyamba ndi mmisiri wokhoma boti. Amagwirira pansi pa mtengo m'mbali mwa nyanja, alibe pepala lojambulapo, muyeso uli m'maso ndi m'chingwe. Amakhoma matabwa pa nthiti, ming'alu nkuitseka ndi thonje ndi phula. Matabwa abwino akusowa ndipo akukwera mtengo, nchifukwa chake maboti ambiri akale amayenda ndi zigamba. Thanga nalo kawirikawiri ndi la zigamba: nsalu yolimba ikasowa, amasoka matumba olumikiza, malembo a kampani ya feteleza nkumaoneka pakati pa nyanja. Mlendo amajambula chithunzi. Mwini boti amangoona kuti mphepo yagwira.

Kenaka pali wogwira chiwongolero, amene mawu ake ndi lamulo boti likachoka pa doko. Sukulu yake ndi mphepo. Mwera umachokera kumwera m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka August, ndipo ukakwiya umatha masiku angapo osapuma. Mpoto umabwera nthawi ya dzinja, nthawi zina mwadzidzidzi pamodzi ndi mvula. Vuma amatsika kuchokera ku mapiri a kum'mawa, zambwe amachokera kumadzulo. Munthu wodziwa amayang'ana mtundu wa madzi patali ndi mitambo pa mapiri a Mozambique, nkunena kuti lero tigona konkuno. Okwera amadandaula, ena amati ndi mantha. Malume anga, amene anagwira chiwongolero zaka zambiri, sankayankha madandaulo oterowo. Ankangomanga boti nkukhala pansi kumasoka thanga. Amene anakulira pa Likoma amadziwa chifukwa chake. Bishopu Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, anamira mu 1895 boti lake la thanga litagubuduzika ndi namondwe asanafike pa chilumbachi. Sitima ya Vipya, yachitsulo ndi injini, inamira mu 1946 ndi anthu 145. Nyanja imene inameza zimenezo singaope matabwa.

Pansi pa wogwira chiwongolero pali anyamata awiri kapena atatu. Iwo ndiwo amakweza thanga pa mlongoti, kuponya nangula, kukapa madzi ndi chigubu chodula, kupalasa ndi nkhafi mphepo ikafa, ndi kunyamula katundu pamutu madzi ali m'chiuno. Malipiro awo amachokera pa zimene ulendo wapeza. Ulendo ukalephereka, palibe kanthu. Ambiri amayamba ali aang'ono, ndipo ichi chimandipweteka, chifukwa Likoma ndi chilumba chimene chinatchuka ndi sukulu kuyambira nthawi ya amishoni a UMCA, amene anamanganso tchalitchi chachikulu cha St Peter's kuyambira mu 1903.

Chimene ndimachilemekeza koposa mwa anthuwa ndi ubale wawo. Pa doko amalimbirana okwera, amanyozana za liwiro la maboti awo, koma pamadzi nkhani imasintha. Boti likathyoka mlongoti, amene waliona amatembenuka, ngakhale ali ndi nsomba zofulumira kumsika, ndipo za ndalama sizikambidwa pamenepo. Mnzako akapsa ndevu m'zimire: pa nyanja mwambiwu ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Maboti akakumana amachepetsa liwiro, kufunsana kuti achimwene, kumene mwachokera kuli bwanji, ndipo funsolo ndi la mphepo, la mtengo wa usipa, la odwala. Woyendetsa aliyense ali ndi bwenzi lake kutsidya, nyumba imene amagonako mwera ukamutsekera. Amapita ndi sopo, shuga kapena mchere, amabwerako ndi ufa wa kondowole. Pa mapepala awa ndi mayiko awiri, ndipo ofesi ya olowa ndi otuluka ilipo, koma chiyankhulo ndi chimodzi ndipo maukwati analumikiza mabanja kalekale. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, anthu ambiri a ku Cobue anathawira pa Likoma, ndipo anawoloka pa mabwato ndi ngalawa zomwezi.

Masiku ano maboti a injini achuluka. Amafulumira, sadikira mphepo, ndipo wodwala mwakayakaya amafunadi injini. Koma mafuta akasowa m'dziko, kapena akakwera mtengo, ngalawa ya thanga ndiyo imayendabe, ndipo mayi wa mtolo umodzi wa nkhuni amakwanitsa kulipira. Achinyamata ambiri akufuna injini, ndipo akulu odziwa kusoka thanga ndi kuwerenga mitambo akuchepa. Alendo ochita mpikisano wa maboti a matanga pa nyanja ya Malawi amavala majekete oyandamitsa aliyense. Anthu athu, amene amawoloka chaka chonse ndi ana pamiyendo, kawirikawiri alibe ngakhale limodzi.

Ife a ku Likoma amene tili kuno ku Kitwe, ku Ndola, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, timasonkha ndalama za maliro mwachangu, ndipo nzoyenera. Tisonkhenso za majekete ndi nsalu ya matanga, tikapereke m'manja mwa oyendetsa ngalawa mwera usanayambe.