Doko la Helsinki ndi ola limodzi la sitima

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yokonza mapulani a madoko, mafunso awo amathamangira ku nyumba. Denga lidzakhala lotani, mazenera adzayang'ana kunyanja kodi, mudzakhala malo odyera angati. Mafunsowa ndi abwino ndithu, koma patebulo pathu amabwera kumapeto. Tikapatsidwa ntchito yokonzanso malo okwerera sitima zopita kunja kwa dziko, timayamba ndi funso limodzi: sitima ikakocheza, ili ndi mphindi zingati isananyamukenso? Yankho lake ndi limene limatiuza kutalika kwa makonde, kukula kwa bwalo la magalimoto, ngakhale malo amene zimbudzi zikhale.

Ndifotokoze ndi doko la Helsinki, likulu la Finland, chifukwa kumeneko nkhaniyi imaonekera poyera. Tsidya lina la nyanja, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80, kuli Tallinn, likulu la Estonia. Mu 2017 padoko la Helsinki panadutsa apaulendo 12.3 miliyoni, kuposa doko lina lililonse ku Ulaya chaka chimenecho, ndipo pafupifupi 9 miliyoni mwa iwo anali a njira ya ku Tallinn yomweyi. Kumbukirani kuti panthawiyo Finland yense anali ndi anthu pafupifupi 5.5 miliyoni. Okwerawo si alendo okaona malo okhaokha ayi. Muli amisiri omanga nyumba a ku Estonia ogwira ntchito ku Finland amene amapita kwawo kumapeto kwa sabata, muli ogula zinthu, muli madalaivala a malole opita kummwera kwa Ulaya.

Mu Januwale 2017 kampani ya Tallink inaika panjirayi sitima yatsopano yotchedwa Megastar. Ndi yotalika mamita 212, imanyamula anthu 2,800, ndipo mizere yoimikamo magalimoto m'mimba mwake, mutailumikiza, ingapitirire makilomita 3. Imawoloka nyanja maola awiri, padoko imakhala pafupifupi ola limodzi. Mu ola limenelo anthu onse atsike, magalimoto ndi malole atuluke, ena alowe, zakudya zikwezedwe, zinyalala zitsitsidwe. Amene anakwerapo Ilala n'kufika pamalo opanda pokocheza, pamene sitima imaponya nangula patali ndipo maboti amatuta anthu ndi katundu pang'onopang'ono, akudziwa kuti nthawi yambiri ya ulendo wapamadzi imathera pagombe. Ku Helsinki vuto ndi lomwelo, kungoti sitima imabwereza ulendowo kangapo patsiku. Ikachedwa mphindi 15 m'mawa, woyendetsa amayesa kubweza nthawiyo powonjezera liwiro panyanja, ndipo pamadzi liwiro lowonjezera pang'ono limamwa mafuta ochuluka kwambiri. Mphindi iliyonse imene tapulumutsa padoko ndi mafuta amene sanapse.

Tsono mphindizo timazipeza kuti? Poyamba ndi pomanga sitima. Mwachizolowezi ogwira ntchito pasitima amaponya zingwe zikuluzikulu, anzawo apagombe n'kuzikoka, n'kuzikoleka pa zitsulo. Nthawi imapita, ndipo chingwe chikaduka chili chokungika chimapha munthu. Padoko lakumadzulo la Helsinki, pamene sitimayi imakocheza, anaika makina ogwira sitima popanda chingwe. Mukaima chapafupi mumaona mikono yachitsulo ikutambasuka kuchokera pakhoma la doko, kumapeto kwake kuli mbale zikuluzikulu zokhala ndi labala m'mbali. Mbalezo zimakhudza nthiti ya sitima, mpweya umayamwidwa, sitima n'kumamatira pomwepo. Zonsezi sizitenga ngakhale mphindi imodzi. Ponyamuka amangodina batani, mikono ija n'kubwerera. Ku dziko limene nyanja imaundana m'nyengo yozizira, kuchotsa munthu m'mphepete moterera mwa doko ndi chinthu chachikulu.

Kachiwiri ndi milatho yolowera magalimoto. Sitima yotere ili ndi nsanjika zingapo za magalimoto. Mlatho ukakhala umodzi, onse amatulukira khomo limodzi ndipo a m'mwamba amadikira a pansi. Choncho anamanga milatho yosanjikizana, wina pamwamba pa unzake, kuti nsanjika ziwiri zizituluka nthawi imodzi. Mlathowo uyenera kukwera ndi kutsika motsatira madzi ndi kulemera kwa sitima, ndipo usapendekeke kwambiri, apo ayi lole yaitali imagunda pansi ndi mimba, mzere wonse n'kuima. Masabata ambiri a ntchito yathu amathera pa kupendekeka kumeneku, chinthu chimene wapaulendo sadzachiona n'komwe.

Apa m'pamene nyumba imalowa. Siteshoni yatsopano, yotchedwa West Terminal 2, inatsegulidwa mu Febuluwale 2017, ndipo anaijambula ndi akatswiri a PES-Architects. Siteshoni yakale, yotsegulidwa mu 1995, inali nyumba yosungira katundu imene anangoisintha. Yatsopanoyi holo yake yodikirira ili m'mwamba. Ena amayesa kuti anaikweza kuti anthu azionera nyanja. Nyanja imaonekadi bwino, koma chifukwa chenicheni n'chakuti anthu oyenda pansi azidutsa pamwamba, m'makonde otchingidwa, n'kukalowa m'sitima osakumana ndi lole ngakhale imodzi. Otsika ali ndi njira yawo, okwera ali ndi yawo. Makamu awiri a anthu zikwi akakumana m'khonde limodzi, wina ali ndi chikwama chokoka, wina ali ndi mwana m'ngolo, wina ali pa njinga ya olumala, ola lija latha. Otsikawo akatuluka pakhomo amapeza sitima zazing'ono zamagetsi zoyenda mumsewu zikuwadikira kupita m'katikati mwa mzinda.

Zonsezi zikanakhala zopanda phindu doko la tsidya lina likanakhala lochedwa. N'chifukwa chake Helsinki ndi Tallinn anagwirira ntchito limodzi pa mapulani otchedwa Twin-Port, mothandizidwa ndi ndalama za European Union.

Pali chinthu china chimene simuchiona mu nyumbayi pa tsiku wamba: mizere ya mapasipoti. Estonia inalowa m'dera la Schengen, la mayiko amene sayendera mapasipoti m'malire a pakati pawo, mu Disembala 2007, ndipo kuyambira pamenepo wochokera ku Tallinn amangotsika n'kumapita. Yerekezani ndi Dover ku England, kumene apolisi a France amayendera mapasipoti munthu asanakwere. Britain itatuluka mu European Union, pasipoti iliyonse ya Britain inayamba kufuna chidindo. Masekondi owonjezera pa galimoto imodzi, mukawachulukitsa ndi magalimoto zikwi pa doko lopanikizika pakati pa nyanja ndi matherezi, ndi amene anathandizira kubweretsa mdipiti wa maola ambiri mu Julayi 2022. Ine pa pulani iliyonse ndimalimbikira kuti pasiyidwe malo oikapo oyendera ziphaso ndi a kasitomu, ngakhale lero sakufunika. Eni ndalama sakonda kulipira malo opanda kanthu, ndimawamvetsa. Koma mu Malichi 2020, mliri wa korona utafika, Finland inabwezeretsa chipikisheni m'malire ake mwadzidzidzi. Malamulo a malire amasintha usiku umodzi, pamene nyumba imamangidwa kuti ikhale zaka makumi.

Gawo lovuta kwambiri silili kunyanja. Lili kumbuyo kwa geti.

Dera limene dokoli lili, Jätkäsaari, kale linali la makontena. Mu 2008 ntchito ya katundu inasamukira ku doko latsopano la Vuosaari, kummawa kwa mzinda, ndipo pamalo otsalawo khonsolo inayamba kumanga nyumba zokhalamo anthu pafupifupi 20,000. Sitima za apaulendo zinatsala pomwepo. Ndiye taganizani: sitima yakocheza, milatho iwiri ija yagwira bwino ntchito yake, magalimoto mazanamazana ndi malole atuluka m'mphindi zochepa, ndipo onsewo akulunjika mphambano zomwezo zimene mayi akuwolotsapo mwana wa sukulu. Maloboti amalola magalimoto owerengeka nthawi imodzi. Liwiro limene tinalipeza padoko timalitula pakhomo pa anthu okhala pafupi.

Okhala m'derali amadandaula za phokoso, utsi ndi kuthithikana kwa magalimoto, ndipo akunena zoona. Ena amati malole onse apite ku Vuosaari, sitima za m'tauni zizinyamula anthu okha. Zimamveka bwino, koma masamu ake sakwana. Sitima zimenezi zimadalira ndalama za mbali zonse ziwiri. M'chilimwe apaulendo amadzaza, m'nyengo yozizira amachepa, koma malole amayenda chaka chonse. Mukawachotsa onse, mtengo wa tikiti umakwera kapena maulendo amachepa, ndipo wopwetekedwa ndi mmisiri uja wopita kwawo Lachisanu. Akuluakulu a doko anayesa njira yapakati: kuyambira 2019 anasintha mitengo kuti lole yodutsa nthawi imene misewu yadzaza izilipira zambiri, yodutsa ku Vuosaari izilipira zochepa. Palinso sitima za malole zoyenda pakati pa Vuosaari ndi Muuga, kunja kwa Tallinn. Izi zachepetsako katundu, koma sizinathetse nkhani.

Mu 2021 khonsolo ya mzinda inagamula za tsogolo la madoko onse a m'katikati. Sitima za ku Tallinn zidzasonkhanitsidwa ku doko lakumadzulo, za ku Stockholm ku Katajanokka, ndipo gombe la South Harbour lidzamasulidwa kuti anthu aziyendamo, pamangidwenso nyumba yosungira zinthu zakale za luso la zomangamanga. Kuti zimenezi zitheke, pulaniyo ikuti pabooledwe msewu wapansi panthaka wochokera padoko kukatulukira ku msewu waukulu wa Länsiväylä. Ndipo ntchito yonseyi iyenera kuchitika sitima zikuyendabe, chifukwa doko lotere simungalitseke ngakhale sabata imodzi. Timamanga chigawo chimodzi, timasamutsira magalimoto kumeneko, timagwetsa china.

Msewu wapansiwo ndi wodula, ndipo otsutsa ali ndi mfundo akamati ndalama zochuluka chotero zikuthera pa magalimoto. Ndawamvetsera mofatsa. Komabe mzinda unasankha zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuika mabanja m'mphepete mwa doko ndi kuwonjezera sitima padoko lomwelo, ndipo msewu wapamwamba sungasenze zonse ziwiri. Ngati Helsinki ikufuna kuti wapaulendo azitsikira m'tauni, ndipo ine ndikuona kuti ikuchita bwino kufuna zimenezo, malole ayenera kudutsa pansi. Msewuwo umangidwe sitima zina zisanasamukire kumeneko.