Mota Yopanda Maburashi ndi Chosungira cha Pulosesa: Kafotokozedwe Kake m'Chinyanja

1.0 Mawu oyamba

Palabana, m'boma la Chongwe kufupi ndi Lusaka, ndi dera lodziwika ndi ulimi wa ng'ombe za mkaka komanso sukulu yophunzitsa ulimiwu. Ulimi wotere umadya madzi: ng'ombe zimwe, khola litsukidwe, ziwiya ziyere. Chilala cha 2024, chimene boma la Zambia linalengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinachepetsa madzi ku Kariba, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Zikatero mlimi amadalira pampu yoyendera dzuwa, ndipo mapampu ambiri otere ali ndi mota yopanda maburashi imene imayendetsedwa ndi pulosesa. Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza magwiridwe a makinawa, ndi kuonetsa kuti dzina la chipangizo liyenera kuchokera ku ntchito yake.

2.0 Kayendedwe ka mota

Mota imazungulira chifukwa maginito amakokana ndi kukankhana. Waya wokulungidwa, amene timamutcha koyilo, akalandira magetsi amasanduka maginito. Kuti kuzungulira kusaime, magetsi ayenera kusinthidwa njira m'makoyilo pa nthawi yake. M'mota yakale ntchitoyi ndi ya maburashi, tizidutswa ta kaboni timene timakhudza mphete ya kopa yozungulira. Kukhulana kumeneku kumathethetsa moto, ndipo maburashiwo amatha. Kwa pampu yomizidwa pansi pa chitsime, kusintha maburashi ndiko kuzula mapaipi onse.

M'chaka cha 1962, T. G. Wilson ndi P. H. Trickey anafotokoza mota imene magetsi ake amasinthidwa ndi mathiranzisita. M'mota yotere zinthu zatembenuzidwa: maginito ndiwo amazungulira, makoyilo amakhala chilili. Kawirikawiri makoyilo amakhala m'magulu atatu, ndipo mathiranzisita 6 amatsegula ndi kutseka njira za magetsi m'masitepe 6. Pa sitepe iliyonse magulu awiri amalandira magetsi, lachitatu likupuma. Tingayerekeze ndi amayi atatu osinja mu mtondo umodzi: munsi uliwonse uli ndi mphindi yake, ndipo wina akachedwa minsi imagundana.

Wosunga nthawi imeneyi ndi pulosesa. Imadziwa pamene maginito afika kudzera m'tizipangizo tomva maginito, tochokera pa zimene Edwin Hall anatulukira mu 1879, kapena poyeza magetsi amene amabadwa okha m'makoyilo amene akupuma. Liwiro imalisintha poyatsa ndi kuzimitsa magetsi kambirimbiri pa sekondi imodzi. Gawo loyaka likatalika mphamvu imakula. N'chifukwa chake mtambo ukaphimba dzuwa pampu imangochepetsa liwiro m'malo moima.

3.0 Chosungira cha pulosesa

Pulosesa singalamule popanda malo osungira malangizo ndi manambala. M'tizipangizo toyendetsa makina malowa amakonda kukhala a mitundu itatu. Flash, imene Fujio Masuoka wa ku Toshiba anatulukira m'zaka za m'ma 1980, imasunga malangizo ngakhale magetsi azime. RAM imagwira manambala a kanthawi, monga liwiro la mphindi ino, ndipo magetsi akazima zonse zimafufutika. EEPROM imasunga zimene mmisiri wasankha, monga malire a liwiro. Mwachitsanzo ATmega328P, imene ili pa bolodi ya Arduino Uno, ili ndi makilobaiti 32 a flash, 2 a RAM ndi 1 ya EEPROM.

Kayalidwe ka malowa n'kofunikanso. M'dongosolo limene John von Neumann analemba mu 1945, malangizo ndi manambala zimakhala pamodzi ndipo zimadzera njira imodzi. M'dongosolo lotchedwa Harvard chilichonse chili ndi njira yakeyake, choncho pulosesa imatenga langizo lotsatira ikadagwira ntchito pa manambala. Mapulosesa ambiri oyendetsa mota amatsata dongosolo lachiwirili, pakuti sitepe ikachedwa mota imanjenjemera ndi kutentha.

4.0 Kusankha mayina

Chinyanja chili ndi njira yakeyake yopangira mayina a zida: mneni wa msintho wochitira amalowa m'gulu la Chi-Zi. Taonani zitsanzo izi:

(1) a. wongola, wongolera, chowongolera
b. sunga, sungira, chosungira
c. zindikira, zindikirira, chozindikirira

Dzina la (1a) likuyenera bokosi la pulosesa ndi mathiranzisita, ndipo (1c) likuyenera tizipangizo ta Hall.

Vuto limabuka pa liwu la Chingerezi lakuti memory. Womasulira wofulumira amathamangira ku mneni kumbuka, koma ana a mneniyu ali kale ndi ntchito zawo. Chikumbumtima chimatsutsa munthu akalakwa. Chikumbutso ndi chinthu chotikumbutsa zakale. Makina sakumbuka, amasunga. Motero (1b) ndilo dzina loyenera, ndipo mitundu yake itatu tingaiphunzitse motere:

(2) a. flash: nkhokwe, mosungira za nthawi yaitali
b. RAM: lichero, pogwirira za lero, pamene pamakhuthulidwa ntchito ikatha
c. EEPROM: kaundula, molembedwa zimene zagwirizanidwa

Mphunzitsi achenjeze ophunzira kuti fanizo lili ndi malire. Nkhokwe ikatapidwa chimanga chimachepa, pamene flash iwerengedwe kangati malangizo amakhalamo onse.

Dzina lakuti mota yopanda maburashi nalonso lili ndi chilema. Kwa anthu ambiri burashi ndi yopolishira nsapato kapena yopakira penti. Komanso dzinali likutchula chimene mulibe, n'kubisa chimene chilipo. Mlimi amene anazolowera kulumikiza kamota kakale ku batire angachite chimodzimodzi ndi pampu yatsopano, kuilumikiza ku sola molambalala bokosi. Motayo siyizungulira, ndipo makoyilo angapse. Dzina lakuti mota yoyendera chowongolera likanamuchenjeza, chifukwa limanena poyera kuti popanda bokosilo palibe kuyenda.

5.0 Mawu omaliza

Taona kuti pafunika njira ziwiri. Mawu monga mota, koyilo ndi pulosesa tibwereke, pakuti amisiri amawanena kale ndipo ndiwo amagulira zipangizo. Koma pamene dzina lingasocheretse, tipange lathu kuchokera ku ntchito ya chinthucho. Mayina amene taperekawa ayesedwe pakati pa ophunzira ndi alimi a ku Palabana, poganiziranso kuti Chongwe ndi kwawo kwa Asoli, amene ambiri amalankhula Chinyanja pamodzi ndi Chisoli. Muyeso wake ukhale umodzi: kodi womva dzinalo angathe kuloza mbali ya makina imene yafa, ndi kunena chifukwa chake?