Mwala umene uli m'pepala

Mukawotcha pepala loyera la mu ofesi, phulusa lotsalalo mbali yaikulu silichokera ku mtengo ayi. Ndi mwala. Pa kulemera kwa pepala lotere, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi ufa wa miyala, makamaka choko cha calcium carbonate, kapena dongo loyera lotchedwa kaolin. Ufawu umayeretsa pepala, umatseka timipata kuti zolembedwa kuseri zisaonekere kutsogolo, komanso ndi wotchipa kuposa phala la mitengo. Mwini fakitale aliyense amalakalaka atathira wochuluka.

Chomuletsa ndi chakuti pepala silimatidwa ndi guluu. Phala likamatsanuliridwa pa sefa wa makina, magawo 99 mwa 100 amakhala madzi. Madziwo akamachoka, ulusi wa mtengo umayandikana n'kugwirana wokha paliponse pamene wakhudzana, ndipo mphamvu yonse ya pepala yagona pamenepo. Kachidutswa ka mwala kakalowa pakati pa ulusi uwiri, malo amenewo sagwirananso. Ufa ukachuluka pepala limafooka, limaduka pa makina osindikizira, limatulutsa fumbi. Kafukufuku wambiri wa zothira m'mapepala akulimbana ndi mkangano umenewu wa mwala ndi ulusi.

Choko chinachedwa kulowa m'ntchitoyi. Kuyambira mu 1807, pamene Moritz Illig wa ku Germany anafalitsa njira yogwiritsa ntchito utomoni wa paini ndi alum kuti inki isamwazike, mapepala ankapangidwa m'madzi a asidi. N'chifukwa chake mabuku ambiri akale amafumbutuka mukangopinda tsamba. Asidi amasungunula choko, choncho mafakitale anayamba kuchithira mochuluka atasamukira ku mankhwala osafuna asidi monga AKD, makamaka cha m'ma 1980.

Polimbitsa pepala, chodalirika kwa nthawi yaitali chakhala sitachi wa chimanga, mbatatesi kapena chinangwa, wokonzedwa kuti azikakamira ku ulusi. Koma ulusi umalandira sitachi wochepa chabe, wotsalayo amangopita ndi madzi.

Apa m'pamene ofufuza anatembenukira ku ulusi womwewo. Ulusi umodzi wa mtengo uli ngati chingwe cha khonje: mukachipotolola mupeza tizingwe tambirimbiri, ndipo kalikonse kali ndi tina tating'ono kwambiri m'kati mwake. Mu 1983 Albin Turbak ndi anzake a ku kampani ya ITT Rayonier ku America anafotokoza momwe anaphwasulira ulusi poukankha mwamphamvu pa kabowo kakang'ono. Zinatheka, koma magetsi ofunika anali ochuluka moti nkhaniyo inagona zaka zambiri. Mu 2006 Akira Isogai ndi Tsuguyuki Saito a ku yunivesite ya Tokyo anasonyeza kuti phala likayamba lathiridwa mankhwala otchedwa TEMPO, tiulusito timakankhana tokha n'kulekana mosavuta. Timene timatuluka n'topyapyala ma nanomita 3 kapena 4, ndipo nanomita ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1 miliyoni. Awiriwa, pamodzi ndi Yoshiharu Nishiyama, analandira mphoto ya Marcus Wallenberg ku Sweden mu 2015. Chaka chotsatira kampani ya Borregaard inatsegula fakitale ya ulusi wophwasulidwa ku Sarpsborg, Norway, ndipo mu 2017 Nippon Paper inatsegula yake ku Ishinomaki, yokhoza kutulutsa matani 500 pachaka.

M'pepala, tiulusiti timakulunga tizidutswa ta mwala n'kutimangirira ku ulusi waukulu. Mwala umene unkadula mgwirizano tsopano umakhala m'kati mwa ukonde. Kampani ya FiberLean ya ku Cornwall, England, imapera phala ndi ufa wa mwala pamodzi, mwalawo n'kumathandiza kuphwasula ulusi. Zotsatira zake, fakitale imawonjezera mwala, imachepetsa mitengo, pepala osafooka.

Komabe amene amayamikira tiulusiti, totchedwa nanocellulose, ngati mankhwala a matenda onse amalumpha vuto lalikulu, lomwe ndi madzi. Tiulusiti timagwira madzi koopsa: magawo 2 okha m'magawo 100 amasandutsa madzi kukhala phala lolimba. Kutumiza katunduyu kutali ndiko kulipira galimoto yonyamula madzi. Kumuumitsa nako kumachititsa tiulusito kumatana, osalekananso bwino. Pa makina, madzi amachedwa kutsika pa sefa, pamene kuumitsa pepala ndiko kumadya moto wochuluka kuposa gawo lina lililonse la makinawo. Ine ndimaona kuti ofufuza oyenera kuwatchera khutu ndi amene akulimbana ndi vutoli, monga oyesa kuphwasulira ulusi pa fakitale pomwepo, kapena kuupaka pamwamba pa pepala m'malo mousakaniza m'phala.

Kupaka pamwambaku kwapeza ntchito ina yofulumira. Mapepala okulungira zakudya zamafuta akhala akupakidwa mankhwala a PFAS, omwe saola m'nthaka ndipo amakhalitsa m'thupi la munthu. Dziko la Denmark linawaletsa m'mapepala a zakudya mu 2020. Khungu lopyapyala la nanocellulose limatchinga mafuta ndi mpweya bwino ndithu, koma likakumana ndi chinyezi limafewa n'kutsegula njira. Pa chifukwa chimenechi ofufuza akuliphatikiza ndi sera, lignin wochokera mumtengo womwewo, ndi chitosan wa m'zikamba za nkhanu, kuti pepala lipirire chakudya chotentha koma lithe kusungunukanso m'madzi likabwerera ku fakitale kukapangidwanso.