Mpunga ukacha umaweramitsa ngala, atero okalamba a ku Korea

Ku Korea ya Kumwera, dziko la ku Asia kumene mpunga ndiwo nsima yao, kuli mwambi wakuti mpunga ukamacha ndi pamene umaweramitsa ngala. Okalamba ambiri kumeneko amayeza nzeru ndi mwambi umenewu. Kwa iwo imvi pazokha si nzeru ai. Wanzeru ndi amene wadzichepetsa, ndipo amayamba wamvetsera asanayankhe.

Ulemu kwa akulu unakhazikika kalekale potsata chiphunzitso cha Confucius. Pa Seollal, chikondwerero cha chaka chatsopano, ana ndi adzukulu amagwada mpaka chipumi kuyandikira pansi, ndipo akulu amawadalitsa ndi mau abwino nkuwapatsa ndalama. Munthu akakwanitsa zaka 60 ankamuchitira phwando lotchedwa hwangap. Msinkhu umenewu uli ndi dzina linanso, isun, kunena khutu lomva zinthu mofatsa.

Koma zinthu zinasintha. Amene apitirira zaka 80 lero anaona nkhondo ya 1950 mpaka 1953 ali ana, nakula ndi njala. Anagwira ntchito usana ndi usiku kuti ana ao aphunzire, anawo ataphunzira anapita ku Seoul ndi mizinda ina. Pofika kumapeto kwa 2024, munthu mmodzi mwa asanu alionse anali wa zaka 65 kapena kuposa, ndipo mwa okalamba khumi, pafupifupi anayi ndi osauka. Achinyamata nawo ali ndi dzina lonyoza, kkondae, la mkulu wokonda kulangiza asanafunsidwe. Palibe nkhalamba yofuna kutchedwa choncho.

Nchifukwa chake okalambawo amakumbutsana kuti munthu akamakula azitseka pakamwa nkutsegula chikwama. Nanga amene chikwama chake chilibe kanthu atani? Ambiri amati nzeru yao ndiyo kusalemetsa ana, kusasunga mangawa ndi kukhala bwino ndi anansi. M'midzi ndi m'matauni muli nyumba zotchedwa gyeongrodang, kumene nkhalamba zimakumana masana, kuphikira pamodzi ndi kuonana ngati wina wadwala.

Kuno timati mau a akuluakulu akoma akagonera. Okalamba a ku Korea sakukana zimenezo, koma aona kuti mdzukulu amabweranso kudzafunsa kwa agogo amene anamumvetsera ulendo woyamba.