Anthu amene anapanga Tom ndi Jerry

Mwana wa pa Golomoti kapena pa Mtakataka sadziwa dzina la William Hanna, koma mukamufunsa za Tom ndi Jerry adzakufotokozerani mpaka nsima kuzizira. Mphaka ndi khoswe amenewa analowa m'midzi mwathu kudzera m'mavidiyo a pamsika, kenaka pa kanema ndi pa lamya za m'manja. Nkoyenera tsono kuti ife makolo tiwadziwe eni ake.

Hanna ndi mnzake Joseph Barbera ankagwira ntchito ku kampani ya MGM ku America. Katuni yawo yoyamba ya mphaka ndi khoswe inatuluka mu 1940, ndipo pofika 1958 anali atapanga makatuni 114. Asanu ndi awiri mwa iwo anapata mphotho ya Oscar. Kompyuta kunalibe. Katuni ya mphindi zisanu ndi ziwiri inkafuna zithunzi zikwizikwi zojambula pamanja, chilichonse chosiyana pang'ono ndi chinzake. Barbera ankakonza nkhani ndi zoseketsa, Hanna nkumawerengera nthawi, kuti poto agwe pamutu pa Tom pa kamphindi koyenera. Ndiponso nyamazi siziyankhula kwenikweni, nchifukwa chake mwana wosadziwa Chingerezi amaseka mofanana ndi wa ku London.

Ku kampani ya Warner, Tex Avery anatulutsa Bugs Bunny mu 1940. Agogo akamuona samudabwa ayi: ndi Kalulu wathu wa m'nthano uja, wochepa thupi koma wopusitsa amphamvu. Chuck Jones anamupitiriza, ndipo mu 1949 anawonjezera Road Runner.

Luso la anthuwa sitingalikane, koma m'cholowa chawo muli minga. Mu katuni ya Jones ya 1957, Ali Baba Bunny, muli mlonda dzina lake Hassan, wa nduwira kumutu ndi lupanga m'manja, wojambulidwa ngati chitsiru chaukali. Popeye naye mu 1937 anamenyana ndi mbava za Chiarabu. Mu Tom ndi Jerry akale muli mayi wachikuda yemwe kawirikawiri amaoneka miyendo yokha, woyankhula moseketsa azungu. Mu 1968 makatuni 11 a Warner anachotsedwa pa kanema chifukwa chonyoza anthu akuda. Mwana wathu wotchedwa Hassan, amene masana amapita ku madrasa, akamaseka mlonda uja akuseka dzina lake lomwe. Pamenepa mpofunika bambo kapena mayi akhale naye pafupi ndi kumufotokozera.

Ntchitoyi sinathere ku America. Ku Niger, dziko limene anthu ake ambiri ndi Asilamu, Moustapha Alassane anajambula Bon Voyage Sim mu 1966, nkhani ya chule amene ndi pulezidenti ndipo akupita kukacheza kunja mwaulemerero wonse. Ankaseka atsogoleri a nthawiyo pogwiritsa ntchito achule, monga agogo amachitira ndi Fisi. Anamwalira mu 2015.

Richard Rich, amene anaphunzira ntchito ku Disney, ndiye anatsogolera filimu ya katuni ya 2002 yotchedwa Muhammad: The Last Prophet. Mufilimu yonseyo Mtumiki (S.A.W.) saoneka nkhope ndipo mawu ake samveka, potsatira malangizo a maulama.