MALAMULO A MAKONTENA NDIWO ATETEZA NJIRA YATHU YA KU NACALA

Malaŵi ndi dziko lopanda doko la panyanja yamchere. Pachifukwa ichi, njanji yochokera pa Nkaya m'boma la Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde mpaka pa Nayuchi m'boma la Machinga, ndi chuma cha fuko lonse. Njanjiyi, yotalika makilomita 101, idatsegulidwa m'chaka cha 1970 kuti katundu wathu azifika pa doko la Nacala ku Mozambique. Akuluakulu akukumbukira zimene zidachitika nkhondo ya ku Mozambique itatseka njirayi cha m'ma 1984: katundu adayamba kuzungulira mpaka ku Durban, ndipo mtengo wa kayendetsedwe kake udakwera kwambiri.

Njira ya malonda singotsekedwa ndi nkhondo yokha. Mphwayi pa malamulo a m'mabwalo osungira makontena ingathenso kuitseka, pakuti eni sitima za pamadzi ndi ogula akunja amathaŵa malo amene zikalata zake sizidalirika.

Lamulo loyamba ndi la sikelo. Kuyambira pa 1 Julaye 2016, pangano la maiko onse lotchedwa SOLAS silola kuti kontena ikwezedwe m'sitima ya pamadzi popanda umboni wa kulemera kwake kwenikweni. Udindowu uli pa wotumiza katundu. Iye angayeze kontena yonse itadzaza, kapena kuyeza katundu yense payekha ndi kuwonkhetsa ndi kulemera kwa kontena yopanda kanthu. Wamalonda amene wagula nandolo kwa alimi a ku Machinga kuti atumize ku India akangolemba nambala ya m'mutu, katundu wake angakanidwe ku Nacala ndi kuyamba kulipitsidwa ndalama za tsiku ndi tsiku. Mapeto ake, chaka chotsatira adzatsitsa mtengo wogulira kwa mlimi.

Lachiŵiri ndi la msonkho. Bungwe la Malawi Revenue Authority, limene lidayamba ntchito m'chaka cha 2000, ndilo limayang'anira katundu woloŵa ndi wotuluka. Kontena imene sinalipiridwe msonkho imakhala m'manja mwa a kasitomu, ndipo chomatira cha pa chitseko chake sichidulidwa popanda chilolezo chawo. Nambala ya kontena, nambala ya chomatira ndi zolembedwa pa chikalata ziyenera kugwirizana. Kalaliki wolandira chiphuphu kuti atsinzine akuba mankhwala a m'chipatala ndi mabuku a m'sukulu, pakuti zonsezi zimagulidwa ndi msonkho.

Lachitatu ndi la kasungidwe ka katundu woopsa. Mafuta, mankhwala a mbewu ndi mitundu ina ya feteleza ziyenera kulembedwa zizindikiro, kusungidwa motalikirana ndiponso kutali ndi moto. Pa 4 Ogasiti 2020, matani pafupifupi 2,750 a ammonium nitrate amene adakhala zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba yosungira katundu pa doko la Beirut adaphulika ndi kupha anthu oposa 200. Makalata ochenjeza adalembedwa, koma palibe amene adachotsa katunduyo. Pa Liwonde ndi pa Balaka nyumba za anthu ndi misika zayandikana ndi njanji, choncho phunziroli likutikhudza.

Tikupempha akuluakulu a m'maboma aŵiriŵa kuti aziyendera mabwalo ndi nyumba zosungira katundu kaŵirikaŵiri, aone ngati sikelo ikuyeza bwino, mpanda uli wolimba, zozimira moto zilipo ndiponso kaundula akulembedwa tsiku lililonse. Aphunzitsi nawo auze ana kuti pansi pa mabogi ndi pakati pa makontena si malo oseŵerera, ndipo powaphunzitsa masamu a kulemera kwa zinthu awaonetse kuti ntchito yake ili pafupi pomwepa.

Akulu adati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Kontena imodzi yolembedwa zabodza ikapezeka ku Nacala, amene akayikiridwe ndi amalonda onse a m'Malaŵi. Tiyeni tonse, kuyambira mlonda wa pa chipata mpaka bwana wa mu ofesi, timvere malamuloŵa mokhulupirika.